Puloti ya a Chipembere Imene Inkapita N'kubwera

Kalekale, nyama zisanabalalikire kutchire, kunali mzinda m'mbali mwa nyanja yaikulu. Sindikunena nyanja yathu ya usipa ayi, ana inu. Ndikunena ija yamchere, ya madzi osamweka, imene tsidya lake silioneka. Mzindawo unkatchedwa Mwalawamchere, ndipo unali ndi khonsolo yake monga mizinda yonse.

Meya anali a Nyani, ovala tcheni chonyezimira m'khosi. Mlembi anali a Nungu, poti zolembera anali nazo zambiri pamsana. Makhansala onse anali nyama zakumtunda. Holo yawo anaimanga moti mawindo onse ayang'ane kuphiri, ati mphepo yakunyanja imauluza mapepala. Choncho ankalamulira mzinda wa m'mbali mwa nyanja ataifulatira nyanjayo. Akuluakulu inu musaseke kwambiri, zoterezi mumazidziwa.

Kumunsi kwa mzindawo kunali kamtunda ka mchenga wouma. Pamenepo pankakhala Nkhanu ndi ana ake ndi abale ake, aliyense ndi una wake. Nkhanu ameneyu anali ndi nthenda imodzi yokha, nthenda yofuna kudziwa. Akaona chinthu, "Kodi chimenechi n'chiyani?" Mukamuyankha, "Nanga chimatero chifukwa chiyani?" Anzake ankachita kumuthawa.

Atasowa womufunsa, anayamba kukhala pakhomo pa una wake n'kumayang'ana nyanja. Anayang'ana, anayang'ana, mpaka anaidziwa khalidwe lake. Anaona kuti nyanja ija sikhala malo amodzi. Imachoka n'kupita kutali, kusiya bwalo la mchenga wonyowa, kenaka imabwerera. Imatero kawiri pa tsiku. Anaonanso kuti masiku a mwezi wathunthu imathawira kutali zedi m'mawa, dzuwa litakwera pang'ono. Anafuna kuuzako ena, koma ndani akanamumvera?

Tsiku lina anaona pepala litakhomedwa pamtengo wa kokonati. Nthenda ija inamudzukira. Anakwera, kwe kwe kwe, n'kuyamba kuwerenga. Pepalalo linkati khonsolo ikumana Lachinayi, ndipo mfundo yachitatu ndi pempho la khansala Chipembere. Ankafuna kamtunda ka mchenga kaja kuti amangepo nkhokwe ya udzu ndi nyumba yopumuliramo. M'munsi analembamo kuti, "Malowa sakhalapo aliyense."

Nkhanu anawerenganso kachiwiri. "Sakhalapo aliyense? Nanga ife ndife ndani?" Anaganiza za phazi la a Chipembere. Phazi limodzi lokha likanagwetsa mauna asanu, ana ali momwemo. Anachita mantha, ndipo tsiku limenelo sanadye.

Tsono a Chipembere muwadziwe. Anachokera kumapiri chaka chathacho. Atangolowa ukhansala anatenga mthunzi wa pamsika kuti ndi wawo, kenaka dambo la kuseri kwa holo. Pamsonkhano zitumbuwa zikabwera, mbale inkayambira kwa iwo n'kuthera pomwepo. Ndipo chibadwire chawo anali asanafunsepo funso ngakhale limodzi. Ankati kufunsa ndi ntchito ya tizilombo ting'onoting'ono.

Lachinayi litakwana, Nkhanu analowa mu holo n'kukakhala pansi pa tebulo. Mantha anali nawo, koma maso sanaleke kuyendayenda. Anamvetsera mfundo yoyamba, ya ngalande yotsekeka. Anamvetsera yachiwiri, ya akhwangwala otaya zinyalala paliponse. Anaona kuti mfundo ikatha, a Nungu ankamenya chidindo papepala, dii! Ndipo ankanena mawu omwewomwewo: "Nkhani yadindidwa. Sibweranso muno mpaka dzinja lidutse kasanu ndi kawiri." Nkhanu anawasunga mawu amenewo mumtima.

"Mfundo yachitatu," anatero a Meya. "Alipo wotsutsa?"

Nkhanu anakweza dzanja. Palibe anamuona. Anakweza onse awiri. Palibe. A Nungu anali atanyamula kale chidindo. Basi Nkhanu anaona mchira wa a Meya ukulendewera pansi pa mpando, n'kuupana, nga!

"Mayo ine!" A Meya analumpha, tcheni chili wayawaya.

"Pepani, bwana Meya," anatero Nkhanu akutuluka poyera. "Ndinakweza dzanja, koma dzanja langa ndi lalifupi. Ine ndine Nkhanu, ndimakhala pakamtunda pamene sipakhala aliyense paja."

"Ukutsutsa?" anabangula a Chipembere.

"Ine kutsutsa inu, bwana? Ayi ndithu. Ndili ndi kafunso chabe. Inuyo ndi aakulu chonchi. Mukakagona pakamtunda pathu paja, miyendo mukaiika kuti?"

Makhansala anaseka, khi khi khi, kubisa kukamwa ndi mapepala.

"Chimene chikundidabwitsa," anapitiriza Nkhanu, "n'chakuti bwalo lalikulu lija mukulisiyiranji?"

"Bwalo liti?" anafunsa a Meya. A Nungu anatambasula mapu, anayang'ana uku, anayang'ana uko. "Pamapu palibe bwalo. Kumunsi kwa kamtunda tinangopakako mtundu wa buluu."

"Ndiye kuti lilibe mwini?" anafunsa Nkhanu. "Bwalo losalala chonchija, lopanda chitsa, loti Njovu akhoza kuthamangapo mpaka kutopa?"

Makutu a a Chipembere anaima njo. Funso linafika pakhosi, koma analimeza. "Bwalo limenelo ndikulidziwa bwino!" anatero. "Ndimati ndilitchule. Lembani, a Nungu. Ndikufuna onse awiri."

"Kafunso kena, a Mlembi," anatero Nkhanu. "Kodi malamulo amalola khansala kutenga malo awiri pa mfundo imodzi?"

A Nungu anatsegula buku lalikulu, ananyowetsa chala, anatembenuza masamba. "Salola. Mfundo imodzi, puloti imodzi. Asankhe. Komanso khonsolo siipereka malo isanakawaone."

"Mawa m'mawa kungakhale bwino," anatero Nkhanu, poti mwezi unali wathunthu. "Kusanatenthe. Mukabwerako tiyi asanazizire."

Atamva za tiyi, makhansala onse anavomera.

Kutacha ananyamuka pamzere, a Meya patsogolo, a Chipembere pambuyo, di di di. Atafika pakamtunda anangoti kakasi. Nyanja inali itapita kutali, ikuoneka ngati kaulusi. Patsogolo pawo panali bwalo la mchenga, losalala, lonyezimira, lopanda malire.

"Zimenezi zinalipo nthawi yonseyi?" anadabwa a Meya. "Nanga bwanji sitinazione?"

"Mawindo, bwana," anayankha Nkhanu.

A Chipembere sanadikire. Anatsikira pabwalo n'kuyamba kukhoma zikhomo. Chikhomo apa, kho! Anayenda, anayenda, chikhomo apo, kho! Anapita kutali mpaka anaoneka ngati mbuzi. Pobwera anali wefuwefu, koma akumwetulira.

Tsono mverani, Nkhanu sanali wabodza. Anawayandikira n'kunena kuti, "Bwana, ine ndinabadwira pano. Palibe chimene mukufuna kundifunsa za malo ano?"

"Ine kufunsa iwe? Ndiwe yani?"

"Ngakhale kamodzi kokha, bwana?"

"Choka apa ndingakuponde!"

Khansala Gwape yekha ndiye anagwira mchenga n'kunena kuti, "Koma bwanji pansi pali ponyowa chonchi, mvula isanagwe?" A Meya anayang'ana dzuwa n'kuti, "Zimenezo tikakambirana kuholo. Tiyi akuzizira." Ndipo kuholoko palibe anazikumbukira.

A Nungu analemba bwinobwino. Bwalo la kumunsi, la a Chipembere. Kamtunda ka mchenga wouma, ka Nkhanu ndi abale ake. Chidindo chinalira, dii! "Nkhani yadindidwa. Sibweranso muno mpaka dzinja lidutse kasanu ndi kawiri."

Tsiku lomwelo a Chipembere anatuta katundu. Mitolo ya udzu, nsichi, mphasa, ngakhale mpando wawo wandalema. Anaunjika zonse pakatikati pa bwalo, anayala mphasa, n'kugona chagada. Nkhanu anakhala pakhomo pa una wake ndi ana ake. Mtima unali utakhala pansi, koma nthenda ija inali isanathe. Ankafuna kuona kuti nyama yaikulu imatani nyanja ikaipeza.

Dzuwa litapendeka, kaulusi kaja kanayamba kunenepa. Madzi anabwera mwaulemu, tsiii, n'kubwerera. Anabweranso, tsiii, n'kufika pachikhomo choyamba. Anabweranso, n'kunyambita chidendene cha a Chipembere.

A Chipembere anadzidzimuka. "Ndani akutayira madzi papuloti yanga?" Limenelo silinali funso ayi, kunali kukalipa. Anaimirira, anatulutsa pepala lawo la puloti, n'kulionetsa kunyanja. "Bwerera! Pano pali chidindo! Werenga!"

Nyanja sinapite kusukulu. Funde linabwera, phwaa! Pepala linapita. Lina linabwera, phwaa! Mpando wandalema unayamba ulendo. Mitolo ya udzu inanyamuka umodziumodzi ngati mabwato. A Chipembere analuma mtolo umodzi kuti aupulumutse, madzi amchere n'kulowa m'kamwa ndi m'mphuno. Anatsokomola, anayetsemula, analiyatsa liwiro, chubwi chubwi chubwi, madzi akulekeza m'mimba.

Anafika m'munsi mwa kamtunda n'kukweza phazi kuti akwere.

"Pepani, bwana," anatero Nkhanu. "Pano napo pali chidindo. Dzerani uko kumiyala." Kenaka anapendeketsa diso. "Koma tandiuzani, madziwo akalowa m'mphuno yaikulu choncho, amawawa mbali zonse ziwiri?"

A Chipembere anadzera kumiyala.

M'mawa mwake anaitanitsa msonkhano wadzidzidzi. "Andibera puloti!" anakuwa. "Yonse! Ndi zikhomo zomwe!"

"Kuba puloti?" anadabwa a Meya. "Anainyamula bwanji? Tiyeni tikaone."

Ananyamukanso pamzere. Atafika, bwalo lili phee, losalala, lonyezimira, lopanda malire. Zikhomo zina zinali chiimire.

A Nungu anasolola cholembera pamsana n'kulemba kuti, "Khonsolo yakaona. Puloti ilipo."

"Imachoka masana!" analira a Chipembere. "Bwerani masana mudzaone!"

A Meya anapukusa mutu. "A Chipembere, inu ndinu khansala, mwambo mukuudziwa. Khonsolo siiyendera malo ikadya chamasana. Chiyambire sizinachitikepo."

"Ndiye ndipatseni kamtunda kaja!"

A Nungu sanatsegule n'komwe buku. "Nkhani inadindidwa. Mubwere dzinja likadutsa kasanu ndi kawiri."

Makhansala anabwerera kukamwa tiyi, ndipo tsiku limenelo aliyense analawa chitumbuwa. A Chipembere anatsala okha pamiyala, akuyang'ana puloti yawo. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Anaona kaulusi kakunenepa, madzi akubwera, tsiii, tsiii, mpaka bwalo lonse linamira.

Pamenepo anacheuka uku ndi uku kuona ngati pali wina akumva. Anaweramitsa mutu wawo waukulu uja mpaka nyanga inagunda mchenga. Ndipo ndi mawu aang'ono, anafunsa funso loyamba m'moyo wawo.

"Iwe Nkhanu, kodi madzi amenewa amachita chonchi masiku onse?"

Nkhanu anawamvera chisoni pang'ono, pang'ono pokha.

"Kawiri pa tsiku, bwana. Mukanafunsa dzulo m'mawa, ndikanakuuzani."

A Chipembere anabwerera kumapiri osatsanzika. Mpaka lero mukawapeza kutchire amakhala okwiya, ndipo chilichonse chimene sakuchimvetsa amangochithamangira ndi nyanga. Nkhanu akadali pakamtunda pake ndi zidzukulu zake. Mukamuona akuyenda chammbali, maso ali pamwamba, musamuseke. Diso limodzi likuyang'ana nyanja, linalo likuyang'ana mapepala amene khonsolo imakhoma pamitengo.

Nthano yanga yaphwera pamenepa, ndipo siibweranso muno mpaka dzinja lidutse kasanu ndi kawiri. Ana inu, zifunsani mpaka akuluakulu atope. Ndipo akuluakulu inu, kamunthu kakang'ono kakakufunsani kuti, "Palibe chimene mukufuna kundifunsa?" musathamangire tiyi.