Tsiku limene a Lingisoni anaphwanya gitala

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munali munthu, a Lingisoni, malume awo a mayi anga. Anthu amati anagulitsa mlongo wawo kuti gitala izilira. Ine kaya, komatu inkalira ngati munthu!

Anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Kitwe, gitala yamagetsi. Tsitsi lili nyankhalala, buluku lotambalala kumiyendo, nyimbo zake za roko, zachizungu zija zogwedeza chiwindi. Nanga magetsi kuno analipo? Ankalumikiza ku batire la galimoto. Ndipo galimoto dera lonseli inali imodzi, lole ya pa esiteti, woyendetsa wake a Mofati, mkamwini, mwamuna wa mlongo wawo Nangozo.

Loweruka lina masana gitala inalira pabwalo. Inalira, inalira, fumbi koboo! Uku Nangozo matenda a uchembere amugwira, zavuta. Anthu anathamangira ku lole kuti apite naye kuchipatala. Lole zii. Batire mulibe.

Mwana anabadwa, ndiwo mayi anga a Esinati. Nangozo sanadzuke.

Uthenga utafika pabwalo, a Lingisoni anaigwira gitala pakhosi, phwaa pamwala! Phwaanso! Anyamata a kumbuyo, osamva uthengawo, anaimba m'manja, ati ndimo amachitira Azungu.

Pamaliro akuluakulu anafunsa: "Batire anachotsa ndani?"

"Ndine," anatero a Lingisoni.

A Mofati anaweramitsa mutu. Mukudziwa inu, mkamwini wopalamula chotere akanagona m'mudzi muno? Akanamulongedzetsa tsiku lomwelo.

Zaka makumi atatu, a Lingisoni kumangotchedwa mfiti. Kumowa okha. Kumunda okha. Mkazi? Ndani akanalola? Anamwalira osaimbanso, ngakhale kamluzu.

Nchifukwa chake kwathu kuno munthu akafulumira kunena kuti "ndine", timayamba tayang'ana amene waweramitsa mutu.

Paja a Mofati atakalamba, maso atafa, anaitana mayi anga.

"Esinati, khala apa. Batire lija ndinanyamula ndine, pamutu panga. Amalume ako anandifunsa ngati lole ili ndi lina, ndinawanamiza. Ndinkafuna kuvina ndi Delifa, mayi wogulitsa mowa uja."

"Nanga amalume anavomereranji, bambo?"

"Anandikokera kuseri kwa nkhokwe, nati: 'Alamu, mwanayu wataya mayi lero. Atayenso bambo?'"

Mayi anga anadzuka. Anatenga khasu, napita kukalambula manda a malume awo.