Makungwa a Webster Mukupa

Kwa zaka khumi ndi ziwiri, Webster Mukupa ankatsuka mabotolo m'labotale ya pakoleji ina mu Lusaka. Anali munthu wa maso, osati wa pakamwa. Ankaona akatswiri akudontheza madzi a makungwa a muwawani pa timbale todzaza tizilombo, m'mawa mwake n'kupeza tizilomboto titafa mozungulira dontholo. Sanafunsepo kakonzedwe ka madziwo, poopa kuoneka mbuli.

Chuma cha dziko chitalowa pansi, ntchito inatha. Banja linatsamira pa mkazi wake Magdalene, amene ankaphwanya miyala m'mbali mwa msewu ku Kanyama. Tsiku lina m'dzinja, mwala unamutema chala cha kuphazi. Kukiliniki anamuuza kuti mankhwala kulibe, akayese kuchipatala chachikulu.

Webster anati kumeneko n'kukangopsa ndi dzuwa pamzere. Anagula makungwa kumsika, nawaviika m'madzi a pachitsime cha kuseri kwa nyumba, chimene mvula inali itakokoleramo zonyansa zonse za m'komboni yawoyo. Magdalene anapempha kuti ayambe wawiritsa madziwo. Mwamunayo anamukumbutsa kudula kwa makala, nati makungwawo apha okha tizilombo ta m'madzimo.

"Bana Ketty, ninaona na menso yanga," anatero, pomuitana ndi dzina la mwana wawo. "Ngati mankhwala aya yapaya tuzilombo mu mbale, yazakangiwa bwanji mu manzi?"

Mayiyo anali wotopa, ndipo anangotambasula mwendo.

Mlungu wathunthu Webster ankatsuka balalo ndi madzi ofiirawo n'kulimanga ndi kansalu. Phazi linatupa ngati dzungu. Fungo litayamba, iye anangowonjezera makungwa. Pamene aneba anakankhira Magdalene kuchipatala pa wilibala, madokotala anadula zala ziwiri.

Pakhonde la chipatalacho Webster anakumana ndi Mutale, mmodzi wa akatswiri aja. Atamva nkhaniyo, Mutale anapukusa mutu. Anafotokoza kuti kulabotale makungwawo ankawaumitsa, kuwasinja, kuwaviika mu sipiliti n'kuwasefa, ndipo mwa mitundu inayi ya tizilombo imene ankayesa, unkagonja unali umodzi wokha.

"Tinali kusebenza pamodzi zaka zonse zija, ba Mukupa. Sembe munanifunsa chabe."

Magdalene anatuluka patatha milungu itatu, akutsimphina. Sanamukalipire mwamuna wake. Anangofunsa ngati malo ake ophwanyira miyala analipobe. Munthu wina anali atawatenga kale.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.