Munsi Umene Sunaleke Kugunda

Kalekale, m'mudzi wina wa kumapiri, munali Ndaziona ndi mng'ono wake Mwatitha. Awiriwa ankasinjira mumtondo umodzi. Uyu gu! Uyu gu!

Tsiku lina kunabwera anthu ogwira akapolo, mfuti zili m'manja. Anamugwira Mwatitha kuchitsime, namuveka goli m'khosi. Khanda lake linatsala likulirira bere.

Ndaziona anasiya khandalo kwa amayi awo, nasenza dengu la chimanga, nalondola mapazi. Anayenda, anayenda, mpaka anafika mumzinda wa padoko, kumene chombo chinkadikira mphepo.

Kumeneko akapolo aakazi ankawavula magoli n'kuwasinjitsa kamba wa paulendo mkati mwa mpanda. Mlonda wake, ana inu, anali mlesi wa munthu! Ankangokhala pamthunzi pakhomo, osayang'ana nkhope, kumangomvetsera minsi. Munsi umodzi ukaleka, chikoti!

Ndaziona anatchera khutu. Munsi wina unkati gu! n'kudikira. Gu! n'kudikira. Unkasiyira mnzake mpata. Anazindikira kuti ndi wa Mwatitha.

"Ndatumidwa ndi chimanga," anauza mlonda.

"Kakhuthule, utuluke msanga! Mphepo yatembenuka, chombo chinyamuka lero lomwe."

Analowa. Mwatitha atamuona anatsala pang'ono kukuwa.

"Achemwali!"

"Chete! Usaleke kusinja. Funda nsalu yangayi kumutu, usenze dengu, uzipita."

"Nanga inu?"

"Mwana wako akufuna bere. Ine mkaka ndilibe."

"Ayi, sindingakusiyeni muno!"

"Munsiwu ukaleka, tathera tonse. Ndipatse!"

Mwatitha anati gu! Ndaziona anaulanda munsi uli m'mwamba, nati gu! Akazi enawo anaona zonse, koma anangowerama n'kumasinjabe.

Mwatitha anafunda nsalu, nasenza dengu, nafika pakhomo.

"Ima!" anatero mlonda.

Anaima. Mlonda anapendeketsa mutu, namvetsera. Minsi yonse inkagunda.

"Choka apa!"

Anachoka. Sanathamange, sanacheuke, misozi ili chuchuchu m'kati mwa nsalu. Kumbuyo kwake munsi unkati gu! n'kudikira. Gu! n'kudikira. Anaumva mpaka atakwera chitunda. Ndipo unaleka.

Khanda lija linayamwa, linakula. Ndaziona sanaonekenso. Zimandipweteka mtima, ana inu, kuti ngakhale manda ake palibe amawadziwa. Mwatitha anakalamba osalola munthu wina pamtondo wake. Ankasinja yekha, kusiya mpata uja.

Nkhuni zanyeka, nthano nayo yathera pompa. Amene anatengedwa aja anali ndi mayina, choncho muziwatchula.