Tayala Limene Lufeyo Anabisa

Panali munthu wina mumzinda wa Blantyre, dzina lake Lufeyo, kalaliki wa pa ofesi ina. Munthu wa tayi. Ankakwera minibasi ngati ife tonse, chigongono cha mnzake m'nthiti, dengu la usipa la eni ake pamiyendo, koma mtima wake unali pa chiwongolero.

Tsiku lina anaona galimoto pa foni. Dzina lake sinditchula, chifukwa ena mwa inu mwabwera pa yomweyo, ndaona mmene mwaimikira panjapo. Pansi pa chithunzi chake panali nyenyezi zisanu. Akatswiri a kunja anali ataiyesa n'kuiyamikira mpaka malovu kuuma m'kamwa: yosamwa mafuta, yosasokosa, yofewa ngati matiresi a mkwatibwi. Anaiyesera kuti? Kwawo! Kumene msewu uli see ngati tebulo la abusa. Kumene dzenje likaoneka pamsewu amaitana atolankhani kuti adzalijambule.

Koma tisamunamizire Lufeyo, sanali chitsiru. Anati, "Foni imanama. Ndikafunse amene ali nayo." Nzeru zimenezo. Ndani angatsutse?

Anapita kwa woyamba, mkulu wa mpingo, mwamuna wa mimba yake. Mkuluyo anakokera thalauza m'mwamba, nakonza kukhosi. "Ehe-hem! Mwana wanga, iyi si galimoto, ndi dalitso. Ine ndikangokhalamo, kuthamanga kwa magazi kumatsika kokha." Chonsecho dalitsolo linali litangotuluka kumene ku galaja, kumene linagona milungu isanu kudikira kachitsulo kangati chala, kamene m'Malawi muno sikapezeka ngakhale mutafunsa kwa asing'anga.

Anapita kwa wachiwiri, mayi wa saluni ku Chitawira. Mayiyo anazunguza makiyi pa chala, ngwe ngwe ngwe, milomo atapinda. "Aaa, achimwene, mukuchedwa ndi chiyani? Ine ndimayenda ngati ndili m'ndege." M'ndege! Mayi ameneyu pa hampu iliyonse ankatsitsa anthu onse ndi zikwama zawo zomwe, galimoto n'kudutsa chammbali ngati nkhanu, kunsi kwake kukulirabe khweee, ngati nkhumba imene aigwira mwendo.

Mukufunsa kuti ananamiranji? Musafunse ngati alendo. Kuno kwathu munthu sanyoza chimene wagula. Mkazi wake akhoza kumudandaula pa bawo. Ana ake akhoza kuwatcha mbuzi pamaso pa aphunzitsi. Koma galimoto? Thoo! Kuvomera kuti galimoto yakupusitsa kuli ngati kuvula pakati pa msika wa Limbe. Ndiye aliyense amameza ululu wake, n'kumwetulira, n'kumadikira kuti wina agweremo, m'dzenjemo asakhale yekha.

Lufeyo anaitanitsa yake. Inawoloka nyanja pa sitima, inatsikira ku Dar es Salaam, inalowera ku Songwe, inafika pakhomo ili waliwali. Akangoliza injini, munkatuluka mawu a mzimayi wa chiyankhulo cha kwawoko, nyang'anyang'a nyang'anyang'a, kumuuza zinthu zimene mpaka lero sakuzidziwa. Mwina ankamuchenjeza, ndani adziwa. Mipando yake inali yotenthetsa matako. Ku Blantyre! Mwezi wa Okutobala! Munthu ankatsika m'galimoto atapsa ngati chimanga cha pa mbaula, koma akumwetulira kuti anthu aone.

Patapita mwezi, akuchokera ku Lunzu masana, tayala linaponda msomali. Fwiii. Lufeyo sanade nkhawa. Anavula jekete, napinda malaya, natsegula buti, natukula kapeti kuti atulutse sipeya.

Munalibe sipeya. Munalibe ngakhale malo ake. Munali kabotolo ka guluu ndi kampope ka magetsi kangati chitini cha sopo. Kwawo kwa galimotoyo tayala likaphwa umangoimba foni, anthu a yunifolomu n'kubwera akuwerama. Ndiye opanga anaona kuti sipeya ndi katundu wolemetsa chabe. Nyenyezi zisanu zija za zimenezi sizinanenepo kanthu.

Tsiku limenelo Lufeyo anagubuduza tayala kuchokera pamene anafera mpaka kwa omata matayala, tayi ili pakhosi, agalu akumuperekeza. Atafika kunyumba mkazi wake anafunsa, "Nanga manja akudawa?" Iye anati, "Ndimathandiza munthu wina wa galimoto yachabechabe."

Anasakasaka m'tauni monse mpaka anapeza tayala la saizi yake, loonda ngati chitumbuwa cha mwezi wa njala. Poti m'buti silinkakwana bwino, ankaliika pa mpando wakumbuyo n'kulifunditsa chitenje, ngati wodwala malungo. Akamufunsa anzake a ku ofesi kuti galimoto ikuyenda bwanji, ankakonza kukhosi ndendende mkulu wa mpingo uja. "Ehe-hem! Amwene, iyi ndi ina."

Mpaka apa sekani. Nanenso ndimaseka. Koma sungani mano ena, nkhani isanathe muwafuna okukuta.

Lufeyo anali ndi mlongo wake, Felesiya, amene anatsala kumudzi kwawo ku mapiri a ku Neno. Mwamuna wake anali Yotamu, wogula ndi kugulitsa mbatatesi. Yotamu anali ndi chipikapu chakalekale, chitseko chomanga ndi waya, cholira pokhapokha amuna anayi achikankhe. Chikadzuka chinkatsokomola, kho kho kho, ngati gogo wosuta chingambwe. Koma chikalira chalira. Chinali chachitali miyendo, chinkaponda miyala ya kumeneko ngati chikuponda mtedza, ndipo kumbuyo kwake kunkagona masipeya awiri.

Felesiya anali woyembekezera. Ana ake awiri oyamba anabadwa pa opaleshoni, ndipo anamwino anali atamuuza mosapsatira kuti ulendo uno matenda akangoyamba, asayese n'komwe kuchirira kunyumba kapena pa kachipatala ka pafupi. Athamangire ku chipatala chachikulu, asataye ngakhale ola limodzi. Yotamu mawu amenewo anamukhala pamtima. Ankayang'ana chipikapu chake n'kumadzifunsa kuti, tsikulo likadzafika amuna onse ali kudimba, adzandikankha ndani?

Ndiye anatumiza uthenga kuti akubwera ku tauni kudzaona galimoto ya alamu ake.

Tamverani chimene anachita Lufeyo m'mawa wa tsiku limenelo. Anatsegula chitseko chakumbuyo, nachotsa chitenje, nanyamula tayala lija, nakalibisa kuseri kwa khitchini, pansi pa matumba a makala. Ankaopa funso limodzi lokha: "Nanga tayala likutani pa mpando?"

Yotamu anafika, fumbi lili m'nsidze. Anaizungulira galimotoyo kawiri, manja kumbuyo, osaikhudza. Kenako anavula chipewa.

"Alamu, ine za nyenyezi sindizidziwa. Ndimadziwa msewu wa kwathu, ndipo inu mumaudziwa kuposa ine, munabadwira komweko. Ndikufuna galimoto yoti tsiku la mlongo wanu ndikangopotokola kiyi, tanyamuka. Kodi iyi ingathe? Ndiuzeni ngati m'bale."

Mawu oona Lufeyo ankawadziwa. Anali mawu ochepa: njaifupi, ilibe sipeya, musagule. Mwana wa sitandade wani akhoza kuwanena osapuma. Koma pa khonde la nyumba yoyandikana nayo panali anthu akumvetsera. Ndipo patsogolo pake panaima mlamu wa kumudzi, chipewa m'manja, akumuyang'ana ngati bwana.

Lufeyo anamenya boneti ndi chikhatho, phaa!

"Alamu, gulani mutatsinzina. Ine chiigulireni sinandikhumudwitsepo ngakhale tsiku limodzi."

Ha! Munthu wamkulu, wopita ku tchalitchi, makala ali m'zikhadabo chifukwa cha bodza limene wangokwirira kumene! Sanafunsidwe ndi munthu wa mumsewu. Sanafunsidwe za mtundu wa penti. Anafunsidwa za moyo wa mwana wa mayi ake, iye n'kuyankha ngati wotsatsa malonda pa wailesi.

Yotamu anagulitsa chipikapu, naitanitsa galimoto yonga ya alamu ake. Inatenga miyezi iwiri kuti ifike. Inakwera mapiri a ku Neno mochita kunyengerera, mimba ikukhula pansi, khwe, khwe, Yotamu akudziuza kuti mwina ndi iye amene sanaizolowere. Wina apo ndamumva akuti, bwanji sanatukule kapeti kuti aone yekha? Inuyo yanu munatukula liti? Munthu amene wafunsa m'bale wake amaona ngati wayang'ana kale.

Felesiya anayenera kupita kukadikirira ku chipatala sabata yotsatira. Koma mwana sawerenga kalendala. Lachiwiri lina, dzuwa litangokwera, anthu ali kumunda, matenda anayamba mwamphamvu. Yotamu anapotokola kiyi, galimoto inalira nthawi yomweyo, mzimayi wa m'kati uja n'kuyamba nyang'anyang'a zake. Yotamu anathokoza Mulungu ndi alamu ake. Ananyamuka.

Pa chitsikira china, pamene mvula inakokolola dothi n'kusiya miyala ili mano pamtunda, mwala unang'amba tayala m'nthiti. Phuu! Yotamu anathamangira ku buti, natukula kapeti. Kabotolo. Kampope. Anathira guluu yense m'tayalamo, guluuyo n'kutulukira pa chibowo chachitali ngati chikhatho, n'kuyenderera m'fumbi ngati phala la mwana.

Anakwera pa chulu pofuna netiweki, naimba foni.

"Alamu, sipeya amaibisa pati m'galimoto zimenezi?"

Yotamu anakweza mawu.

"Alamu, mukundimva? Mlongo wanu akutaya magazi kuno."

"Mulibe," anatero Lufeyo, mawu ali ang'onoang'ono. "Simukhala sipeya. Zimabwera choncho."

"Mwati bwanji?"

"Zimabwera choncho, alamu."

"Inu munadziwa liti?"

Chapatali m'foni muja Lufeyo ankamva mlongo wake akuitana mayi awo, amene anamwalira kalekale.

Yotamu anabwerera pa chiwongolero, nati ndiyenda choncho, tayala lithe lithe. Koma galimoto imene inali kale yaifupi, tsopano inakhaliratu pansi. Sanapite patali. Mwala wina unaboola kunsi kwa injini, oyilo yense n'kukhuthukira mumsewu. Injini inazima. Msewu umenewo galimoto imadutsa imodzi m'mawa, ina madzulo, ndipo ya m'mawa inali itapita.

Inawatola ndi ngolo ya ng'ombe imene inkachokera ku chigayo. Mwini wake anatsitsa matumba a ufa pambali pa msewu, nagoneka Felesiya pa zitenje, nakwapula ng'ombe zake mpaka kuzilirira. Ulendo wa mphindi makumi anayi unatenga maola atatu. Madokotala anachita zonse zimene akanatha. Felesiya anamupulumutsa. Mwana anatuluka ali duu, sanalire.

Mukudziwa mwambo wathu. Mwana wobadwa atafa kale timati mtayo. Salirira maliro, saimbira nyimbo, sakhomera bokosi. Amayi okha ndi amene amamunyamula mwakachetechete kukamuika, amuna satsatira. Lufeyo atafika kumudzi mawa lake anapeza amayi a m'mudzimo anyamuka kale kukamuika mwanayo. Iye ndiye anali malume, mwini mbumba, munthu amene mwanayo akanadzathamangira kwa iye pa vuto lililonse. Analibe poti agwire, analibe poti alire. Anakakhala pa mpanda wa khola pafupi ndi Yotamu, amuna awiri kuyang'ana mbuzi.

Patapita nthawi Lufeyo anati, "Alamu, nanenso anandinamiza. Ndinafunsa anthu awiri, onse anati ili bwino."

Yotamu sanatembenuke.

"Anthu awiriwo," anatero, "Felesiya si mlongo wawo."

Anadzuka, nalowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo amapatsana moni pa maliro pokha.

Tsono abale anga, amene anapereka nyenyezi aja ine ndilibe nawo mlandu waukulu. Anayesa galimoto pa msewu wawo, ananena za msewu wawo. Phiri la kwanu sanalionepo ndipo sadzaliona. Mlandu wanga uli ndi inu eni ake, amene mumadziwa pamene chinthu chimakhula, pamene chimadontha, pamene chinakusiyani padzuwa, koma wina akakufunsani mumakoka thalauza n'kuti, "Ili bwinobwino." Simudziwa chimene wofunsayo akufuna kunyamula.

Mawa wina akadzaima pakhomo panu n'kuti ndiuzeni ngati m'bale, yambani ndi chilema chake. Anthu a pa khonde aseke, asekeretu mpaka agwe pa mipando. Manyazi anu adzakhala atapola pofika Lamulungu. Koma kumene anapita amayi aja m'mawa umene uja, palibe amene amakatengako munthu.