Mbale ya Chilombo cha Mitu Isanu

Kalekale, anthu asanayambe kumanga mipanda ya njerwa yobisira nkhope za anansi, mayi wina ali pafupi kutisiya anaitana ana ake awiri. "Mwandida, ndi iwe Ndamera, lonjezani: mbale ya mnansi musadzaibweze yopanda kanthu." Analonjeza. Ndamera, wamng'onoyo, amene anthu ankangomukumbuka akafuna womutuma mchere, ndiye anagwiritsitsa mawuwo.

Patapita zaka khumi ndi ziwiri, mimba ya Mwandida inatupa popanda mwana. Kuchipatala anati ndi khansa: chilombo chamanga m'thumba la mazira. Anamuika dilipi ya mankhwala aukali. Tsitsi linathothoka, zikhadabo zinada bii, koma chilombo chikafota lero, mawa chaphukanso.

"Asisitala," anakalipa Ndamera, "mankhwala anuwa akudya achemwali anga, chilombo akuchisiya!"

Namwinoyo sanakwiye. "Chilombocho sichili chokha, mwanawe. Chimayankhulana ndi oyandikana nacho. Nayi ndagi: chimapita chodzaza, chimabwerako chodzaza. Ukachidziwa, wapambana." Anamukhudza pamphumi ndi thonje, Ndamera n'kusanduka dontho, n'kutsika ndi paipi ya dilipi mpaka mumtsempha wa mkulu wake.

M'katimo munali mudzi. Pakati pake chilombo cha mitu isanu chinali chitakhalira mazira a Mwandida ngati mpando wa makolo ake. Mankhwala akafika ngati moto wolusa, mutu umodzi unkapsa, koma pakufa unkalavula timbale ta uthenga, timbaleto n'kugubudukira kwa anansi. A Mafuta ankabweza mbale yodzaza zonona. Oluka ankabweza ulusi, n'kuchimangira mpanda kuti moto usadutse. Alonda, amene ntchito yawo n'kupha adani, ankanyambita mbale zawo n'kugona chagada. Mutu wopsa uja n'kumeranso.

Ndamera mtima unawira. "Inu a Mafuta! Mwandida wakusungani chibadwire, lero mukunenepetsa womudya? Manyazi mulibe?"

"Nanga titani, mwana iwe? Aneba atitumizira mbale. Tibweze yopanda kanthu ngati anthu osaleredwa?"

Apo ndi pomwe ndagi ija inamasuka: yankho lake linali mbale.

Mitu isanu inaseka chikhakhali. "Takulandirani, alamu! Mwayenda ulendo wautali, tadyani." Mbale inagubuduka n'kudzaima pamapazi pake, yodzaza uchi. "Pobweza mungoikamo kadontho kamodzi ka magazi a mkulu wanu. Ife sitivuta."

Mawu a amayi ake analira m'makutu. Ndamera anatola mbale ija, naikhuthulira pansi mudzi wonse ukuona, ndipo pansi pa uchi panali mphutsi zili nyakatunyakatu.

"Taonani! Mnansi amatumiza chakudya. Uyu akutumiza nyambo, inu n'kumamuthokoza!" Anaiponya mbale ija, n'kukagunda mutu wapakati, phwa!

A Mafuta anavundikira miphika yawo. Oluka anayamba kumasula mpanda, nkhope zili pansi. Alonda anadzambatuka, akufufuza mikondo. Dontho lina la mankhwala litafika, moto unalowa popanda chotchinga. Mutu woyamba unapsa, wachiwiri, wachitatu, wachinayi, uliwonse ukulavula timbale, koma panalibe wotola. Wotsiriza unakuwa, "Alamu, amayi anu anakulerani bwanji?" Nawonso unasanduka phulusa.

Ndamera anatulukira mumsozi wa mkulu wake, n'kuima pambali pa bedi ali munthu. Amayi a muwodi analuluta, wina n'kumumanga chitenje chatsopano m'chiuno. Amene ankamutuma mchere aja anayamba kumutchula kuti "a Ndamera".

Atafotokoza zonse, Mwandida anasisita mutu wake wopanda tsitsi, nafunsa ndi mawu ofooka, "Nanga mbale yakeyo unaikamo chiyani?"

"Palibe, achemwali. Ndinaibweza yopanda kanthu."