Tsiku Limene Sitima Inadikira a Sachedwa

Pa depoti ya mabasi mumzinda wathu wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ukafunsa dzina lenileni la dalaivala wa basi nambala seveni, anthu ankangoyang'anana. Onse ankawadziwa kuti a Sachedwa. Dzinali sanachite kulitola panjira ayi, analikhetsera thukuta. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ankanyamula anthu kuchokera pa depoti kupita kudoko, kumene sitima ya kuzilumba imanyamuka eyiti koloko m'mawa, Lachitatu ndi Loweruka lokha. Pa zaka zonsezo palibe munthu amene sitima inamusiya atakwera basi yawo, ndipo sitimayo inali isanawadikirepo ngakhale mphindi imodzi. Iwo ndiwo ankayamba kufika, n'kuzimitsa injini, n'kutsamira chiwongolero kuonerera anthu awo akukwera mosathamanga.

Tisabise, ife a mumzindawu tinkawanyadira bambowa. Kungoti iwo ankadzinyadira kuposa mmene ife tinkawanyadirira. Malaya a yunifomu ankasita okha, ati akazi awo sadziwa kugoneka kolala. Akamadutsa pabwalo la depoti, madalaivala achinyamata ankazimitsa ndudu.

Kuchokera pamphambano ya kuseri kwa msika, misewu yopita kudoko ilipo iwiri. Wa kumtunda ndi watsopano, wa phula losalala, koma umazungulira phiri lonse ndipo umadya mphindi makumi atatu ndi zisanu. Wa kumunsi ndi wakale, wopapatiza, wa mphindi khumi ndi zisanu zokha. Umadula pakati pa dambo la matope limene nyanja imalowamo ikamakwera, n'kutulukamo ikamaphwa, kawiri pa tsiku. Polowera m'damboli pali chipilala cha simenti chokhala ndi mzere woyera. Lamulo la madalaivala, limene silinalembedwe m'buku lililonse, linali lakuti mzerewo ukamaoneka dutsa, madzi akaumiza zungulira kumtunda. A Sachedwa ankachikhulupirira chipilalacho kuposa wotchi ya pamkono pawo.

Tsono m'chipinda cha pamwamba pa depoti munkakhala mwana wawo womaliza, mtsikana amene anaphunzira za kayendetsedwe ka magalimoto m'mizinda. Ntchito yake inali kulondolera mabasi onse kudzera pa wailesi yolankhulirana imene ili m'basi iliyonse, ndipo madalaivala ankamutchula kuti Kontirola. Kunja kwa ntchito bambo ake ankamutama mpaka anthu kutopa nazo. Koma pa ntchito, mawu ake ankangolowera khutu ili n'kutulukira linalo. Munthu amene unamusinthapo matewera n'kovuta kumumvera akamakuuza njira.

Lolemba la sabata yomaliza a Sachedwa asanapume pa ntchito, mtsikanayu anawapeza pakhonde akupukuta nsapato.

"Bambo, sabata ino mwezi ndi wathunthu, madzi akwera kwambiri. Msewu wa kumunsi muusiye kaye."

"Chipilala chagwa?"

"Sichinagwe, koma chayamba kunama. Chimangireni khoma latsopano lija kudoko, madzi akumalowera mbali ya kutsidya. Amayamba kudzaza pakamlatho ka pakati, pachipilala pakadali pouma. A khonsolo anaika choyezera pakamlathopo, ndipo ine ndimaona pa kompyuta mmene madzi akukwerera."

A Sachedwa anauzira mpweya pansapato n'kupitiriza kupukuta. "Chipilala chimene chija ndinayamba kuchiwerenga amayi ako ndisanawafunsire. Iwe uziwerenga kompyuta yakoyo."

Lachitatu kunacha bwino. Basi inanyamuka pa nthawi yake itadzaza, anthu makumi anayi ndi atatu. Munali amalonda ndi mitolo yawo, bambo wina wachikulire wa ndodo amene ankachokera kuchipatala, ndiponso namwino atafungatira bokosi lozizira la katemera wa ana a kuzilumba. Koma pamsika anapeza lole ya matabwa itafa pakati pa msewu, ndipo pamene inkakankhidwira pambali n'kuti mphindi khumi ndi zisanu zitapita. Anafika pamphambano hafu pasiti seveni. Masamu ake anali osavuta. Kudzera kumtunda akanafika eyiti itapitirira ndi mphindi zisanu.

Wailesi inalira. Zolankhulidwa pa wailesiyi madalaivala onse a mumzinda amazimva.

"Nambala seveni, dzerani kumtunda. Pakamlatho ka pakati madzi ayamba kale kukwera pamsewu."

A Sachedwa anasuzumira kutsogolo. "Kontirola, chipilala ndikuchiona ndi maso angawa. Mzere uli mbee!"

"Musachikhulupirire. Ndalankhula kale ndi a kudoko, avomera kuti sitima idikire mphindi khumi. Dzerani kumtunda, mufika bwinobwino."

Apa ndiye mwanayo anaponda pachilonda osadziwa. Magazi anawathamanga bambowa.

"Idikire ndani? Ineyo? Zaka makumi atatu ndi chimodzi ine ndiye ndakhala ndikuidikira sitima imeneyo. Ndiye lero, kwatsala masiku atatu kuti ndipume, ukufuna doko lonse lizindiloza chala?"

Kenako mtsikana uja anasiya mawu a ntchito, n'kulankhula ngati ali pakhomo.

"Bambo, chonde. Mwanyamula anthu."

Kuchondereredwa ndi mwana, anzawo onse akumva, kunawapweteka kuposa kulamulidwa. Anatambasula dzanja n'kuzimitsa wailesi.

Kondakitala wawo, mayi amene anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi chimodzi, anasendera pafupi. "Achimwene, mwanayu sindinamumvepo akulankhula chonchi. Tamumverani lero lokha."

"Inu achemwali, ng'ambani matikiti. Chiwongolero ndisiyireni."

Anakhotera kumunsi.

Poyamba msewu unali wouma, ndipo a Sachedwa anayamba kuimba kamluzu. Koma atayenda mtunda ndithu, pamene msewu umatsetserekera kukamlatho, kamluzuko kanathera m'kamwa. Madzi a matope ankadutsa pamsewu mothamanga, kuchokera mbali imene iwo anali asanawaonepo akuchokera. Potembenukira panalibe. Atayang'ana pagalasi anaona kuti kumbuyonso madzi ayamba kunyambita m'mphepete mwa phula. Anaika giya yoyamba, n'kuponda mafuta. Basi inalowa ikubangula, inakankha madzi mpaka kuwoloka kamlatho, kenako inatsokomola kawiri n'kuzima.

Kunkangomveka madzi akumenya masitepe a pakhomo. Mwana wina anayamba kulira, ndipo namwino uja anakweza bokosi lake pamutu. A Sachedwa anayesa kuliza injini katatu, koma inali itamwa madzi amchere. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo wa pamsewu anachita mantha, ndipo manyazi anaposa manthawo. Anayatsa wailesi.

Sanapeze mpata wopepesa. Mawu a mwana wawo anali kale m'mlengalenga, odekha, akubwereza zomwezomwezo.

"Nambala seveni, ngati mukundimva, tsitsani anthu tsopano, madzi akadali m'maondo. Mupite kutsogolo, osati kumbuyo. Agwirane manja, ayende pakati penipeni pa msewu. Muli ndi mphindi khumi ndi zisanu madzi asanafike m'chiuno. Nambala thwelofu ikukudikirani kutsidya."

"Ndamva, Kontirola," anayankha a Sachedwa, mawu ali pansi.

Zinadziwika pambuyo pake kuti bambo ake atangozimitsa wailesi, mtsikanayu sanataye nthawi ndi kulira kapena kukwiya. Anaitana basi nambala thwelofu, imene inali itangotsitsa antchito kudoko, kuti ikaime kumapeto kwa dambo. Anaimbiranso a kudoko kuwapempha kuti mphindi khumi zija aziwonjezere. Zonsezi anachita maso ali pa choyezera madzi, akudziwa kuti pakati pa madziwo pali bambo ake omubereka.

Zimene a Sachedwa anachita m'madzimo nazonso tizinene, pakuti munthu akalakwa sitimufufutira zabwino zake. Anatsika woyamba, n'kuima pakhomo kulandira aliyense. Anawandandalitsa anthu, amphamvu mbali yochokera madzi, amayi a ana pakati, kondakitala kutsogolo. Bambo wa ndodo uja anamubereka kumsana, ngakhale kuti iwonso anali a imvi, mpaka kukamutula pouma. Anabwerera kukatenga mitolo ya amalonda, anabwereranso kachitatu kukasuzumira pansi pa mipando kuopa kuti mwina mwatsala munthu. Ulendo womalizawu madzi anali atawafika m'chiuno, ndipo nsapato imodzi inatsalira m'matope. Atafika kutsidya anawerenga mitu kawiri. Inakwana makumi anayi ndi atatu.

Dalaivala wa nambala thwelofu anali mnzawo wakalekale, munthu woyendetsa mofatsa kwambiri moti a Sachedwa omwewo ndiwo anamupatsa dzina loti a Tifikamawa. Kwa zaka zambiri ankamuseka pa depoti kuti njinga zimamupitirira. Tsikuli a Tifikamawa anatsegula chitseko, n'kuwayang'ana anzawowo kuyambira kumutu mpaka kuphazi lopanda nsapato.

"Kwerani, akuluakulu, kumbuyoko mpando ulipo. Ifetu ndife ochedwa, koma ndife ouma."

Anthu amene mphindi zochepa zapitazo ankalira anaseka mpaka kugwirana mapewa. A Sachedwa anakwera n'kukhala pampando wa apaulendo, madzi akuchucha m'buluku.

Anafika kudoko eyiti itapitirira ndi mphindi makumi awiri ndi ziwiri. Sitima inali pomwepo, utsi ukufuka, antchito ake atagwira zingwe akuyang'ana kumsewu. Onse anakwera. Namwino anakweza bokosi lake m'mwamba kuonetsa kuti silinanyowe, ndipo bambo wa ndodo anagwira dzanja la a Sachedwa nthawi yaitali. Sitima itaomba lipenga n'kuchoka, iwo anatembenuka kuyang'ana kudambo. Patali, basi imene anaisamala ngati mwana inkaoneka denga ndi mawindo okha. Misozi inatsika, ndipo sanaibise.

Kenako anapita pawindo la a Tifikamawa. "Tandibwerekani wailesi yanuyo."

Anakonza kukhosi. "Kontirola, ndi nambala seveni. Ndikulankhulira pa wailesi ya eni ake, yanga ili m'nyanja."

"Ndikukumvani, nambala seveni."

"Anthu onse akwera, palibe watsala. Tsono lipoti la ngoziyi ulemba ndiwe. Usandikometsere. Ulembe kuti unandichenjeza kunyumba, unandichenjezanso katatu pa wailesi, ine n'kukuzimitsira."

"Ndilemba momwemo," anayankha mtsikanayo. "Ndipo Loweruka simuyendetsa. Lamulo mukulidziwa, dalaivala wochita ngozi sagwira chiwongolero mpaka nkhani yake itaunikidwa."

Loweruka ndilo linali tsiku lawo lotsanzikana ndi msewu, ulendo umene anakhala akuulota chaka chonse. A Tifikamawa anayang'ana kumbali, kuopa kuona nkhope ya mnzawo. Koma a Sachedwa anaweramitsa mutu kanthawi, n'kuudzutsa akumwetulira, misozi ikadali m'masaya. Anakanikizanso batani.

"Madalaivala nonse amene muli pamsewu, mwamumva? Ndinamunyoza inu mukumva, ndiye ndinenanso inu mukumva. Anthu makumi anayi ndi atatu ali pasitima chifukwa cha iyeyu. Saopa nyanja, saopanso bambo ake. Akakuuzani kuti khotani, muzikhota. Ameneyo ndi mwana wanga, ndinabereka ine!"

Mumzinda monse, pamsika, pachipatala, pamphambano, mabasi anayamba kuliza mahutala, anthu oyenda pansi n'kumadabwa kuti kwagwanji. Phokosolo litachepa, pa wailesi panamveka kamawu kakang'ono, konjenjemera, kosakhalanso ka Kontirola.

"Bambo, simunavulale?"

"Ayi, mayi wanga. Yapita ndi nsapato imodzi yokha."

Dzina lija linathera m'dambo tsiku limenelo, pakuti doko lonse linaona sitima ikuwadikira. Koma bambowa anabwerera kwawo ali moyo, opanda imfa ya munthu pamutu pawo, ndipo anaimika khosi kuposa kale. Anali atazindikira kuti pa anthu onse amene ankawagwadira pa depoti, mmodzi yekha ndiye anawakonda mokwanira kuwatsutsa pagulu. Akuluakulu sananame, wakutsina khutu ndi mnansi.