Ndaziona ndi Ngalande ya Kuseri kwa Masitolo

"Ndaziona, tamvera mwanawe," anatero mayi ake akumukoleka chikwama kumsana. "Poweruka kusukulu uzidzera kumaso kwa masitolo, m'makonde. Aliyense umupatse moni. Ngalande ya kuseri ija usatsikemo, kaya kuli mitambo, kaya kuli dzuwa. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Ankayankha choncho m'mawa uliwonse, koma mawuwo ankatsalira pakhomo pomwepo.

Tauni yawo inali yakalekale, yogona patsinde pa phiri. Msewu wopita kumsika unali ndi masitolo a njerwa zofiira amene amwenye anamanga agogo ake a Ndaziona asanabadwe. Malata anali atachita dzimbiri, ndipo zipilala za makonde zinasalala ndi misana ya anthu otsamira. Kuseri kwake kunkadutsa ngalande yamiyala yochokera kuphiri, yakuya kuposa msinkhu wa munthu wamkulu. Inkalowa pansi pa msewu n'kukatulukira pafupi ndi kwawo kwa mtsikanayu.

Chimene chinkamutopetsa Ndaziona ndi moni. Pakhonde loyamba pankakhala Che Ajibu, telala, amene sakanalola mwana adutse batani likulendewera. Pachiwiri panali a Kamwendo osoka nsapato, amene ankayamba ayang'ana mapazi a munthu asanaone nkhope. Pachitatu a Nasibeko ankakazinga zitumbuwa, ndipo kachitumbuwa kotsiriza, kosaumbika bwino, ankamusungira iyeyo m'kapepala. Onsewa ankafuna kumva za kusukulu. Ulendo wa mphindi khumi unkatha theka la ola, njala ili m'mimba.

Tsiku lina Ndaziona analowa pampata wa pakati pa masitolo awiri, natsika m'ngalande. Munali mouma, mwa zii. Anafika kwawo msanga, ndipo palibe chimene chinamuchitikira.

Mawa lake a Kamwendo anamuyang'ana kumapazi.

"Ndere iyi si ya pamsewu. Dzulo sitinakuoneni, mayi. Munadzera kuseri eti?"

"Munalitu mouma, agogo."

"Mouma kuno. Nanga kuphiri munakuona? Madzi a m'phiri saodira, mwanawe."

"Umve zimenezo," anawonjezera a Nasibeko akutembenuza chitumbuwa. "Ife tinaona mbuzi ikukokoloka mmenemo, dzuwa likuswa mtengo."

Ndaziona anati ndamva, nalandira kachitumbuwa kake. Mumtima anati, akuluakulu amangoopa zilizonse.

Linali dzinja. Lachinayi lotsatira kunacha bwino, kumwamba kuli mbee. Belu loweruka litalira, Ndaziona anasiya anzake atsogole. Anayang'ana uku ndi uku, nalowa pampata paja, natsika.

Anayenda akuimba. Kenaka kamphepo kozizira kanamuwomba m'khosi, konunkhira dothi lonyowa. Analeka kuimba. Masamba angapo anamudutsa m'miyendo, kenaka botolo lapulasitiki, kenaka timadzi tofiira tinamunyambita zidendene. Anatembenuka. Pamwamba pa malata anaona nsonga ya phiri itaphimbidwa ndi mtambo wakuda bii. Ndipo anamva mkokomo, ngati lole yodzaza miyala ikutsika mtunda yopanda mabuleki.

Anayesa kukwera khoma, koma ndere inamutereretsa. Anayesanso, zikhadabo zinathyoka. Anathamanga. Madzi anafika m'maondo. Kutsogolo kunali kukamwa kwakuda kuja, kumene ngalande imalowa pansi pa msewu. Chigumula chinatulukira pakona chitanyamula nthambi, miyala ndi nthochi yozuka ndi mizu yomwe, chikubangula. Chinamumenya kumsana n'kumunyamula.

Pakamwa penipeni pa mdimawo panali paipi yamadzi yopingasa. Ndaziona anaikumbatira ndi manja onse awiri. Madzi anamukoka miyendo, anamuvula nsapato, anamulanda chikwama.

"Amayi! Amayi ine!"

Mawu ake ngakhale iye mwini sanawamve. Manja anayamba kuchita dzanzi. Anakumbukira makonde aja, ouma, odzaza anthu, kuseri kwa khoma lomweli. Ndani akanadziwa kuti ali muno? Iye mwini anaonetsetsa kuti pasapezeke womuona.

"Uyo! Ali pa paipi!"

Nsalu yoyera yaitali inagwa kuchokera pamwamba n'kumukhudza kumaso.

"Kulunga kudzanja!" anakuwa Che Ajibu. "Dzanja limodzi lokha! Paipiyo usaisiye mpaka ndikuuze!"

Anakulunga.

"Siya tsopano!"

Okalamba atatu a m'makonde aja anakoka, mpaka mwanayo anafika pamwamba, maondo ali magazi okhaokha. A Nasibeko anavula chitenje chawo n'kumufunditsa, namukhazika pafupi ndi mbaula.

Atasiya kulira anafunsa chapansipansi, "Munadziwa bwanji?"

"Belu linalira, anzako onse anadutsa," anatero a Kamwendo. "Nsapato zako zokha sizinadutse. Ndinazisoka ndine, ndingaziiwale?"

"Ine ndinaona kachitumbuwa kako kakuzizira," anatero a Nasibeko.

Che Ajibu ankafinya nsalu ija, imene anayenera kusokera amayi a kwaya malaya, tsopano ili yofiira ndi matope. Ataona kuti mwanayo akuiyang'ana mwamanyazi, anangoti, "Nsalu imachapika, mama." Naiyanika pachipilala.

Mayi ake a Ndaziona anafika akuthamanga, opanda ndi mpango womwe. Sanamumenye. Anayamba agwada pamaso pa aliyense wa atatuwo, kenaka anamunyamula kumsana ngati khanda, ngakhale miyendo inkafika m'maondo mwawo. Ali m'njira anayankhula mofatsa.

"Unkayesa moni uja ndi wongokuchedwetsa. Ine sindingakhale paliponse, mwanangu. Ukapereka moni pakhonde, ndiye kuti wandiuza kuti wadutsa bwino. Ukazemba moni, wazemba maso amene amakulondera."

Chikwama ndi nsapato sizinapezeke. Patapita masiku atatu, Ndaziona akudutsa wopanda nsapato, a Kamwendo anatulutsa zina zakale zimene anazisoka mwakachetechete, namuyeza okha kuphazi.

Tsono ana inu, mwamva. Akakuuzani kuti dzerani kumaso, dzerani kumaso, ndipo moni musaumire. Njira yobisika ndi yaifupi, inde, koma ilibe wokuonani mukagwa. Ndaziona anapulumuka chifukwa panali anthu amene anazolowera mawu ake. Nanga inu, mukapanda kudutsa lero, ndani angadzutse mutu n'kufunsa kuti mwana uja ali kuti?